Kiyibodi, mausi ndi sikirini zikangoti zii nthawi imodzi

Kumapeto kwa Okutobala chaka chatha, amayi ena amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupurinta pa Ngabu anandipeza atanyamula bokosi la kompyuta pa kabaza, atalikulunga m'chitenje. M'jumbo munali makiyibodi atatu.

"Achimwene, kompyuta iyi ikudya makiyibodi," anatero akupukuta thukuta. "Iyi ndi yachitatu kugula. M'mawa imagwira bwinobwino, koma ikamati 2 koloko zonse zimangoti zii. Mausi osayenda, kiyibodi osalemba, kenako sikirini n'kuda."

Ndinawafunsa kuti, "Amayi, nanga ikagona usiku wonse, m'mawa mwake kiyibodi yakale ija imagwira?" Anati imagwira. Pamenepo ndinadziwiratu kuti makiyibodi onse atatu ndi amoyo. Titatsegula bokosilo tinapeza fumbi litaundana pakati pa fani ndi chitsulo choziziritsa purosesa (ubongo wa kompyuta), lokhuthala ngati bulangete, moti linachoka lonse pamodzi nditalikoka ndi zala. Pansi pa fumbilo panali mazira a mphemvu. Fani inkazungulira ndithu, koma mpweya unalibe podutsa. Ndalama za makiyibodi awiri zinangopita pachabe, ndipo ndi zimene zimandiwawa, chifukwa kashopu ngati kameneka phindu lake limabwera ndi tsamba limodzilimodzi.

Zida zitatu zosiyana, zopangidwa ndi makampani osiyana, sizingafe mphindi imodzi. Zonse zimayamwa ku bokosi lija ambiri timalitcha CPU. Zikaima pamodzi, wodwala ali m'bokosimo kapena ku magetsi amene akulowamo, ndipo kuno kuchigwa cha Shire kawirikawiri ndi kutentha, fumbi kapena magetsi. Choncho musathamangire kugula china chilichonse, ndipo musalole munthu kufomata kompyuta (kufufuta zonse n'kuikamonso Windows) asanaitsegule n'komwe.

Yambani ndi kanyali ka Caps Lock

Vuto likachitika, manja asapite kaye ku soketi. Dinani batani la Caps Lock kapena Num Lock kangapo mukuyang'ana kanyali kake pa kiyibodi. Kanyali kameneka sikayatsidwa ndi kiyibodi payokha, kompyuta ndi imene imakalamula. Ngati kakuyaka ndi kuzima mukamadina, kompyuta ili moyo ndipo ikukumvani, chabe kuti chithunzi sichikufika pa sikirini. Ngati kangoti phee osasintha, kompyuta yahang'a, kutanthauza kuti yauma, siikumvanso chilichonse. Ngati nyali zonse zazima, ndi kuwala kofiira kwa pansi pa mausi komwe, ndiye kuti mapoti a USB alibe moto.

Mverani ndi khutu lomwe. Kodi fani ikuzungulira? Ikulira mwaphokoso ngati ikufuna kuuluka? Kanyali ka batani loyatsira kali koyera kapena kobiriwira ngati masiku onse, kapena kasanduka kachikasu n'kumaphethira? Lembani zimenezi pa pepala pamodzi ndi nthawi imene zachitika komanso chimene mumachita. Pepala limeneli likhala lothandiza kuposa sikuludiraiva.

Pali kachinthu kamodzi kamene kamanamiza anthu. Amene ali ndi kiyibodi ndi mausi zopanda waya, zonse ziwiri zimadalira kachidutswa kamodzi kosomeka pa USB. Kakagwedezeka kapena mabatire akatha pamene kompyuta ili mtulo, palibe choidzutsa, ndipo sikirini imakhala yakuda ngati yafa. Dinani batani loyatsira kamodzi mwachidule, osakanikiza. Ikadzuka, nkhani yathera pomwepo.

Ngati Caps Lock ikuyankha, vuto lili pa njira ya chithunzi. Pa Windows 10 ndi 11 dinani pamodzi mabatani anayi awa: Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mumva kaphokoso, sikirini iphethira, ndipo nthawi zina chithunzi chimabwerera chifukwa driver ya chithunzi (kapulogalamu koyendetsa chithunzicho) yadzutsidwanso. Zikakanika onani chingwe mbali zonse ziwiri. Chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu, chili ndi timapini m'mizere itatu, ndipo kamodzi kakapindika basi chithunzi chimasowa kapena chimasintha mtundu. Mangani tizomangira take tiwiri tija, anthu ambiri amatisiya. Onaninso pa mabatani a sikirini kuti ikuyang'ana khomo loyenera, chifukwa mwana akhoza kuisinthira ku HDMI pamene chingwe chili pa VGA. Sikirini ikalemba kuti No Signal, dziwani kuti yokhayo ili bwino, ikungodandaula kuti palibe chikubwera. Bokosi likakhala ndi graphics card yapadera (khadi yotulutsa chithunzi), chingwe chipite pa khadiyo, m'munsimo, osati pa poti ya pamwamba ya motherboard (bolodi lalikulu limene zida zonse za mkati zimasomekedwapo). TV ya kunyumba yokhala ndi HDMI kapena VGA ingakuthandizeni kuyesa mwachangu.

Ikahang'a

Kanikizani batani loyatsira mpaka izime, masekondi 5 mpaka 10. Kenako zulani chingwe cha magetsi kumbuyo kwa bokosi, mukanikizenso batanilo kwa masekondi 30. Ambiri amaona ngati n'zamwambo chabe, koma pali chifukwa. Kompyuta ikakhala yosomekedwa, ngakhale itazimitsidwa, power supply (kabokosi ka mkati kolandira magetsi n'kugawira zida zonse) imapitiriza kupereka mavoti 5 ku motherboard, ndipo kachipangizo koyendetsa USB kakasokonezeka kamakhalabe kosokonezeka mpaka moto wonse utatheratu. Makompyuta ambiri amene anthu amati afa magetsi atangobwera amadzuka ndi njira yokhayi.

Musanayatsenso, zulani chilichonse: purinta, sikana, fulashi, modemu, masipika, ndi mafoni amene akuchajidwa. Nkhani ya mafoniyi ndiitsindike. M'mashopu ambiri kuno bokosi la kompyuta lasanduka chaja ya mudzi wonse, aliyense wobwera amabayapo foni yake ndi chingwe chong'ambika. Mkati mwa poti ya USB muli kalilime kapulasitiki kokhala ndi timizere tachitsulo. Kalilimeko kakathyoka, timizereto timagundana ndi chitsulo cha m'mbali n'kupanga shoti, ndipo motherboard imadula moto ku mapoti ena kuti idziteteze. Makompyuta ena amalemba uthenga wonena za over current kenako n'kuzima okha. Tengani tochi ya foni muunike poti iliyonse, makamaka ya kutsogolo. Yothyoka muimate ndi tepi kuti wina asabayeponso, ndipo ngati timizere tagundana, mutilekanitse ndi kamtengo kotokosera m'mano kompyuta ili yozulidwa ku magetsi.

Tsopano somekani kiyibodi, mausi ndi sikirini basi, kiyibodi ndi mausi zikhale pa mapoti a kumbuyo. A kumbuyowa amamatidwa pa motherboard penipeni, pamene a kutsogolo amadutsa pa kawaya kamene kamamasuka. Ngati mudakali pa Windows 7, sankhani mapoti akuda, chifukwa abuluu aja ndi a USB 3.0 ndipo Windows 7 sawadziwa popanda driver yake. Makompyuta akale ali ndi mapoti ozungulira a PS/2, wapepo wa kiyibodi, wobiriwira wa mausi. Amenewa musomeke kompyuta ili yozima, apo ayi sizigwira mpaka mutayatsanso. Kiyibodi imodzi ya PS/2 ndi yoyenera kusunga m'kabati, imapulumutsa tsiku limene USB yonse yakana.

Mukayatsa, yesani kulowa mu BIOS, malo a makonzedwe a kompyuta amene amatseguka Windows isanayambe. Pa Dell dinani F2 mobwerezabwereza chizindikiro chikangooneka, pa HP ndi F10, pa ena ndi Delete. Apa ndi pamphambano. Mukalowa, kiyibodi n'kumayenda bwino m'menemo, isiyeni choncho kwa ola lathunthu pa nthawi yomwe imakonda kuvuta. Ikapirira, kaikirani Windows, madriver kapena hard disk (chosungira mafayilo). Ikahang'anso muli mu BIOS momwemo, kapena ngati ngakhale chizindikiro cha kampani sichikuoneka, Windows alibe mlandu ndipo kufomata sikungathandize kanthu.

Kutentha ndi fumbi

Makompyuta ambiri amene tili nawo, ma Dell OptiPlex ndi ma HP aja ogula ogwiritsidwa kale ntchito, anachokera m'maofesi ozizira a kunja. Ife tawaika m'kachipinda ka malata opanda siling'i ku Bangula kapena ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 pamthunzi. Fani siipanga kuzizira, imangokankha mpweya wa m'chipindamo. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, kenako fumbi n'kutseka njira, purosesa imakwera msanga. Ikayandikira madigiri 100 imayamba kudzichepetsa liwiro, ndipo zikapitirira kompyuta imaima kapena kuzima kuti isapse. N'chifukwa chake ya amayi a pa Ngabu inkagwira m'mawa n'kukana masana. Zizindikiro zake n'zosabisika: vuto limasankha nthawi ya dzuwa, fani imalira kwambiri lisanachitike, ndipo mukayatsanso nthawi yomweyo imahang'a msanga kuposa poyamba.

Fumbi lathu si la mtundu umodzi. Pali la mumsewu nthawi ya chilimwe, pali ulusi wa thonje nthawi ya misika, ndipo a ku Nchalo mukudziwa timaphulusa takuda timene timagwa minda ya nzimbe ikamatenthedwa. Zonsezi fani imakokera mkati. Onjezani nyerere, mphemvu ndi nalimata amene amakonda kufunda kwa m'bokosi. Ndinapezapo chisa cha dothi cha mavu chitamangidwa pa timabowo totulukira mpweya kumbuyo.

Poyeretsa, zulani magetsi, tulutsani bokosi panja pamthunzi, tsegulani chitseko cha m'mbali, ndipo gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze china chilichonse mkati kuti moto wa m'thupi usaononge zida. Blower (makina ouzira mphepo) ndi yabwino, koma pampu ya njinga imagwiranso ntchito, pamodzi ndi kabulashi kofewa kopentera. Musauzire ndi pakamwa, malovu ndi chinyezi zimatsalira pa motherboard. Pouzira fani, igwireni ndi chala kuti isazungulire, chifukwa ikathamangitsidwa ndi mphepo mopyola muyezo imaonongeka m'kati mwake. Fumbi loopsa si limene mukuliona pansi pa bokosi, koma lobisala kuseri kwa fani, pa timapepala tachitsulo ta choziziritsira. Ngati n'kotheka masulani faniyo muone kuseri. Uziraninso m'timabowo ta power supply muli kunja kwake.

Pakati pa purosesa ndi choziziritsira pamakhala phala lotuwa lotchedwa thermal paste. Pakatha zaka limauma n'kukhala ngati dothi losweka, osadutsitsanso kutentha. Ngati kompyuta ikutenthabe mutayeretsa, phalalo lisinthidwe. Pukutani lakale mpaka chitsulo chiwale, ikani latsopano kadontho kosaposa njere ya nandolo pakati, kenako mangani zomangira mopingasa, pang'onopang'ono, kuti chikhale mofanana. Ndaonapo wina ataikapo mankhwala otsukira mano, wina girisi ya njinga. Chonde musatero. Ngati simunachitepo ntchito imeneyi, muonerere kaye kwa wodziwa, chifukwa timapini ta pansi pa purosesa tikapindika motherboard yatha.

Mukamaliza ikani pulogalamu yaulere ngati HWMonitor muone madigiri. Kuno purosesa kukhala pa 45 kapena 50 isakugwira ntchito yolemetsa si zodabwitsa. Koma ikamafika m'ma 90 mukungotayipa kalata, pali chimene sichili bwino. Ndipo bokosilo lichoke pansi. Liikeni pa tebulo kapena pa kabenchi, kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma, osati m'kabati yotseka. Kansalu kokongola koluka kaja kaziphimba kompyuta ikazima, osati ikuyaka. Amayi aja ndinawalangiza kuti ntchito zazikulu azichita m'mawa ndi madzulo, ndipo masana pakakhala palibe kasitomala aziizimitsa. Kuno kuyeretsa kamodzi pa chaka n'kochepa, ine ndimati miyezi itatu iliyonse, makamaka kuyambira Ogasiti.

RAM ndi kabatire

Ngati fani ikuzungulira, nyali zikuyaka, koma sikirini ili bii ndipo Caps Lock siyankha kuyambira poyatsa pomwe, woyamba kumukaikira ndi RAM, kabolodi kakatali kowonda kosomekedwa pa motherboard, kamene kompyuta imasungirapo zimene ikuchita pa nthawiyo. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumaimasula pang'onopang'ono, fumbi n'kulowa pa timano take tagolide. Makompyuta ena amalira mobwerezabwereza kapena kuphethiritsa nyali yachikasu mwa chiwerengero. Werengani kulirako, chifukwa kampani iliyonse ili ndi tanthauzo lake ndipo mungalipeze pa intaneti polemba dzina la kompyuta yanu.

Magetsi ali ozulidwa, kankhirani kunja timakutu ta m'mbali mwa RAM, idzatukuka yokha. Igwireni m'mbali, pukutani timano tagolideto mofatsa ndi labala yoyera ya pensulo, chotsani zinyenyeswa, uzirani m'ngalande yake ndi pampu, ndipo ibwezereni mukuonetsetsa kuti kampata kake kagwirizana ndi kachotupa ka m'ngalandemo. Kanikizani mbali zonse mpaka timakutu titi khethe. Zikakhala ziwiri, yesani imodziimodzi, mungapeze kuti imodzi ndi imene ikugwetsa inzake. Graphics card, ngati ilipo, ichiteni chimodzimodzi, kapena ichotseni kaye muyese ndi poti ya motherboard. Ma Dell ambiri ali ndi mayeso awoawo: dinani F12 poyatsa musankhe Diagnostics. Pa Windows lembani mdsched posakira pa Start kuti iyese RAM.

Pa motherboard palinso kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavoti 3. Kakatha, tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo magetsi akazima, BIOS imaiwala makonzedwe ake, ndipo ena amaima poyatsa kudikira kuti mudine F1. N'kotchipa. Kukachotsa kwa mphindi zochepa n'kukabwezera kumabwezanso BIOS pa chiyambi, zimene nthawi zina zimadzutsa kompyuta yokana kuonetsa chithunzi.

Magetsi

Apa ndi pamene pafera makompyuta ambiri kuno. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo power supply imawasandutsa 12, 5 ndi 3.3 zimene zida za mkati zimadya. Ikayamba kufooka siifa kamodzi. Imayamba ndi kupereka moto woperewera pamene ntchito yakula, ndiye USB imazima, chithunzi chimasowa, koma fani n'kumazungulirabe ngati zonse zili bwino. Vuto likamabwera nthawi iliyonse, m'mawa kapena usiku, mosasankha kutentha, ganizirani kumeneku.

Yambani ndi ekisitenshoni. Zambiri za pamsika zili ndi timawaya towonda ndi mabowo olobodoka, pulagi imangogwedera. Ikatentha mukaigwira, kapena ikada m'mbali mwa bowo, itayeni. Yesani kusomeka kompyuta pa soketi ya pakhoma mwachindunji. Onaninso zimene zikudyera limodzi ndi kompyutayo. M'mashopu ambiri firiji ya zoziziritsa kukhosi, fotokope ndi kompyuta zili pa ekisitenshoni imodzi. Firiji ikamadzuka imakoka moto wambiri kwa kanthawi, ndipo ngati kompyuta imahang'a nthawi imene firiji yati gu, mwamupeza wolakwa. Chimodzimodzi ngati babu imaphethira woocherera zitsulo wapafupi kapena chigayo chikayamba.

Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ambiri amene amadalira kompyuta pa bizinesi anatembenukira ku majenereta ndi sola. Timajenereta ting'onoting'ono timapereka moto wokwera ndi kutsika, makamaka poliza ndi pamene mafuta akutha. Lizani jenereta kompyuta ili yozulidwa, idikireni ikhazikike, kenako somekani. Pozimitsa yambani ndi kompyuta. A sola dziwani kuti ma inveta otchipa, aja a modified sine wave, sagwirizana ndi ma power supply ena, ndipo batire likatsika madzulo kompyuta imayamba kuchita zachilendo. Inveta ya pure sine wave ndi imene imayenera.

Magetsi akazima, zulani pulagi kukhoma. Akabwera musathamangire kuyatsa, dikirani mphindi zingapo, chifukwa nthawi zina amabwera n'kuzimanso kawiri katatu, ndipo kugwedeza kumeneko ndi kumene kumapha zida. Mvula ya ziphaliwali ikamayandikira zulani zonse, ndi chingwe cha intaneti chomwe. Ngati mungakwanitse kugula chinthu chimodzi chokha chotetezera, gulani UPS (bokosi la batire losomekapo kompyuta) yokhala ndi AVR (chokhazikitsa mavoti), imene imawongola moto ndi kukupatsani mphindi zosungira ntchito n'kuzimitsa bwino. Purinta ya laser isadyere ku batire la UPS, imakoka moto wopitirira mphamvu yake. Batire la UPS nalonso limatha msanga m'kutentha kwathu kuno, ndiye muziliyesa pozula pulagi kompyuta isali pa ntchito yofunika.

Pa ma power supply akale pali kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kayenera kukhala pa 230. Wina akakasunthira ku 115 n'kusomeka, mumva kuphulika ndi fungo la kupsa. Kompyuta iliyonse yochokera ku America muione kaye pamenepa musanaisomeke koyamba.

Njira yosavuta yoyesera power supply ndi kubwereka ina yabwino n'kuona ngati vuto latha. Amene ali ndi mita yoyezera mavoti angayeze pa pulagi ya mabowo anayi yochokera ku power supply, yokhala ndi mawaya achikasu, ofiira ndi akuda: waya wachikasu ndi wakuda apereke pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira ndi wakuda pakati pa 4.75 ndi 5.25. Ma OptiPlex ambiri ali ndi kabatani ndi kanyali kobiriwira kumbuyo kwa power supply kodziyesera yokha. Dziwaninso kuti timabokosi ting'onoting'ono ta Dell ndi HP nthawi zambiri timakhala ndi power supply ya mtundu wakewake, yosiyana ndi wamba ya mapini 24, choncho pokagula nyamulani yakaleyo. Koma chonde, power supply musaitsegule. Mkati mwake muli macapacitor amene amasunga moto wotha kupha munthu ngakhale mutazula pulagi. Ndipo ngati bokosi limakugwirani shoko mukalikhudza, nyumbayo ilibe waya wa earth wabwino, itanani wa magetsi musanapitirize.

Za madzi ndinene mwachidule, poti tonse tinaona madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana, ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Kompyuta yonyowa isayatsidwe ngakhale kungoyesa. Itsegulidwe, kabatire kachotsedwe, matope atsukidwe ndi wodziwa, iume masiku angapo. Imene inangokhala m'chipinda chachinyezi imamera dzimbiri lobiriwira kapena loyera pa mapoti ndi timano ta RAM, ndipo imayamba kuhang'a patapita miyezi, mwini wake ataiwala kale za madziwo.

Ngati mlandu uli kwa Windows

Ikapirira mu BIOS koma n'kumaima mu Windows, makamaka podzuka kutulo kapena poyatsa m'mawa, zimitsani Fast Startup. Pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, ndipo chotsani chizindikiro pa Turn on fast startup. Chinthu chimenechi chimapangitsa kuti Shut down isakhale kuzima kwenikweni, ndiye driver yosokonezeka dzulo imadzuka nayo lero. M'menemo mu Power Options, pa makonzedwe a advanced, ikani USB selective suspend pa Disabled, ndipo kwa sabata imodzi ikani Sleep pa Never muone ngati vuto libwerera. Mu Device Manager, pa USB Root Hub iliyonse, chotsani chilolezo choti kompyuta izizimitsa kuti isunge moto.

Ngati siikupatsani mpata wochita zimenezi, idulitseni ndi batani loyatsira pamene chizindikiro cha Windows chikuoneka, kawiri kapena katatu motsatizana. Idzatsegula Automatic Repair, ndipo kuchokera pamenepo mungalowe mu Safe Mode (Windows yoyaka ndi zofunikira zokha) n'kuchotsa driver kapena pulogalamu imene munaika vuto litatsala pang'ono kuyamba. Reliability Monitor ya mu Windows imaonetsa tsiku ndi tsiku zimene zinagwa. Mu Event Viewer mudzapeza Kernel-Power 41, koma isakuopseni, imangonena kuti kompyuta inazima mosayenera, siitchula chifukwa.

Hard disk yodwala ili ndi kachitidwe kake. Mapulogalamu amayamba kuuma pamene mausi ikuyendabe, kanyali ka disk kamayaka osaphethira, mwina mumamva kugogoda kwa tike tike mkati, kenako zonse zimaima. Mukaona zotere siyani kuyesayesa. Koperani kaye mafayilo a makasitomala, ma CV, malipoti a sukulu ndi zithunzi pa fulashi kapena disk ina, chifukwa kuyatsa kulikonse kungakhale komaliza. Pulogalamu yoyeza disk ya CrystalDiskInfo ikalemba Caution, disk isinthidwe, ndipo disk ya mtundu wa SSD ndi yabwino kuno popeza ilibe zozungulira mkati ndipo siiopa kugwedezeka.

Zonsezi zikakanika, unikani motherboard ndi tochi. Timigolo ting'onoting'ono toimirira tija, macapacitor, tiyenera kukhala tafulati pamwamba. Totupa kapena totuluka zofiirira tatha ntchito, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa kuocherera. Popita nayo kwa wokonza, kaya pa Nchalo, pa Dyeratu kapena mukwera nayo ku Blantyre, nyamulani pepala lija munalembapo nthawi ndi zizindikiro, mumuuze zimene mwayesa kale, ndipo munene poyera kuti asafomate musanagwirizane. Ngati mafayilo simunathe kukopera, muuzeni zimenezo choyamba. Mu minibasi bokosilo ligone chammbali, motherboard ili pansi, pa miyendo panu kapena pa chinthu chofewa, osati kumbuyo pamodzi ndi matumba. Mukatsika nayo zikhotakhota za ku Thabwa n'kufika kunyumba, ikakana kuonetsa chithunzi musafulumire kubwerera kwa wokonza. Zulani magetsi, tsegulani chitseko, mukanikizenso RAM ndi zingwe zonse, kenako muyatse.